Komiti yathu yagawikana msonkhano uli pafupi: nditule pansi udindo kapena tichotse wapampando?

Funso: Ndine mlembi mu komiti ya anthu 9 yomwe imakonza msonkhano wa pachaka wa okonda anime (makatuni a ku Japan), makomiki ndi magemu m'tauni mwathu muno. Tonse timagwira mongodzipereka. Chaka chino n'chachitatu ndipo kwatsala masabata 7. Wapampando wathu, yemwenso ndi amene anayambitsa zonsezi, analengeza pa Facebook ndondomeko yosiyana ndi yomwe mkulu wa ndondomeko anakonza, mpaka kusintha oweruza mpikisano wa cosplay (wovala ngati anthu a m'makatuni ndi m'magemu) osamuuza. Mkuluyo watuluka pagulu lathu la WhatsApp, ena awiri amutsatira. Ndalama za matikiti zikulowa panambala ya foni ya wapampando, ndipo msungichuma sanaonepo kuti zafika zingati. Pano pali magulu awiri a WhatsApp, lina lopanda wapampando. Kodi nditule pansi udindo, timuchotse, kapena tingoyimitsa msonkhano?

Yankho:

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pomwe mtima wanga wagunda kwambiri ndi pa gulu lachiwiri la WhatsApp lija. Ndakhala m'makomiti a anthu odzipereka kwa zaka zambiri, ena ndikuwatsogolera, ena akuchita kundiitana zinthu zitafika kale pothina, ndipo gulu lachiwiri likangobadwa ndimadziwa kuti anthu asiya kulankhulana, ayamba kunenana. Ndiyankhiretu kuti mtima ukhale m'malo: musatule pansi udindo sabata ino, musayambe ndi kuchotsa munthu pampando, ndipo zoyimitsa msonkhano zidikire kaye mpaka muone ndi maso anu ndalama zomwe zilipo.

Tiyambe ndi mnzanu watuluka pagulu uja, chifukwa ndikudziwa kuti ena ayamba kale kumunena kuti ndi wamtima wapachala. Munthu wolembedwa ntchito bwana akamudumpha amangomeza malovu, amadziwa kuti pakutha pa mwezi kuli malipiro. Wodzipereka alibe tsiku la malipiro. Chomwe amalandira n'chimodzi chokha, kudziwa kuti m'gawo lomwe anapatsidwa mawu ake ndi amene akuyenda. Taganizirani zomwe mkulu wa ndondomekoyo anadutsamo kuti apeze oweruza a cosplay. Anagula mayunitsi ndi ndalama za m'thumba mwake, anawaimbira mmodzimmodzi, mwina wina anachita kumutsatira kuntchito pa nthawi ya nkhomaliro n'kumulonjeza kuti dzina lake likhala pachikwangwani. Ndiye m'mawa wina akutsegula foni, akupeza maina ena pa Facebook, pansi pake anthu akuyamikira. Woti aimbirenso oweruza aja kuti "pepani, zasintha" ndi iye. Akamufunsa kuti zasintha bwanji, ayankha kuti nayenso wangoziona pa Facebook. Manyazi amenewo ndiwo amutulutsa pagulu, chifukwa malipiro ake okhawo walandidwa anthu akuona.

Musaganize kuti zoterezi zimagwera makomiti ang'onoang'ono okha. Worldcon, msonkhano wa padziko lonse wa okonda nkhani zopeka za sayansi, umayendetsedwa ndi anthu odzipereka ngati inu nomwe, ndipo chaka chilichonse umakhala mumzinda wina, m'manja mwa komiti ina. Kumeneko n'komwe amaperekera mphoto za Hugo, zopita kwa olemba ndi okonza nkhani zoterezi omwe achita bwino koposa. Wa mu 2021, wotchedwa DisCon III, unali wa ku Washington ndipo unali ndi apampando awiri. Mu Januwale chaka chimenecho kunatuluka chilengezo chochepetsa maina a anthu oti atchulidwe pa ntchito imodzi yopikisana pa mphotozo. Anthu anakwiya, chilengezocho chinabwezedwa mwamsanga, koma pasanapite masiku ambiri wapampando mmodzi anatula pansi udindo, oyang'anira mphoto nawonso anachoka. Anapezeka ena odziwa ntchitoyo oti alowe m'malo. Pofika mu Juni gulu latsopanolo linachokanso lonse pamodzi, ndipo potsanzika linanena poyera kuti zikuoneka kuti atsogoleri a msonkhano sakufunanso maganizo awo. Mwezi womwewo usanathe, wapampando wotsala uja anatulanso pansi udindo. Zonsezi zinachitika m'chaka cha mliri wa Covid-19, hotelo yomwe ankadalira, Marriott Wardman Park, itatsekedwa, mpaka msonkhano kusunthidwa kuchoka mu Ogasiti kupita mu Disembala.

Dandaulo la anthu amene aja ndi lomwelo la mnzanu: tinapatsidwa ntchito, koma zogamula zikuchitikira kwina. Chinanso choti muchigwire n'chakuti msonkhanowo sunafe. Wolemba mabuku Mary Robinette Kowal anatenga mpando mu Julaye, ndipo DisCon III unachitika pa 15 mpaka 19 Disembala ku hotelo ya Omni Shoreham, mphoto n'kuperekedwa. Mu 2025 Worldcon wa ku Seattle unagwedezekanso zitadziwika kuti ena mu komiti anagwiritsa ntchito ChatGPT, pulogalamu ya pakompyuta yoyankha mafunso, pofufuza mbiri za anthu ofuna kudzalankhula pamsonkhano. Mu Meyi anthu atatu a mbali yoyang'anira mphoto anatula pansi maudindo, wapampando anapepesa poyera, ndipo mu Ogasiti msonkhano unachitika. Komiti yovulala imatha kufikitsa msonkhano pa tsiku lake, bola wina avomere kulakwa nthawi ikadalipo.

Tsopano za wapampando wanu. Sindikumudziwa ndipo ndamva mbali imodzi yokha, koma anthu oyambitsa zinthu ndawaona ambiri. Chaka choyamba ankachita zonse yekha: kupempha holo, kusenza mipando, kulemba pa Facebook pakati pa usiku, kulandira ndalama panambala yake chifukwa panalibe nambala ina. Palibe ankadandaula, ndipo pakanapanda liuma lake msonkhanowo sukanabadwa. Chaka chino komiti yafika anthu 9, koma m'mutu mwake akadali yekha uja. Akamasintha oweruza saona kuti akuponda munthu, amaona ngati akukonza za pakhomo pake. Izi sizikumuchotsera mlandu. Ndikuzinena kuti mudziwe polowera. Mukapita ndi mawu akuti "ndinu wankhanza" kapena "mukudya ndalama" adzatseka makutu, chifukwa iye akudziona ngati kholo lomwe anthu akufuna kulikwatula mwana.

Ndipo samalani ndi zomwe mukulemba masiku ano. Worldcon woyamba, wa ku New York mu Julaye 1939, komwe kunafika anthu pafupifupi 200, unayamba ndi mkangano. Sam Moskowitz ndi anzake omwe ankautsogolera analetsa anyamata 6 a gulu la Futurians kulowa, atapeza timapepala towadzudzula kuti akulamulira mopondereza. Pakati pa obwezedwa pakhomowo panali Frederik Pohl ndi Donald Wollheim, omwe anadzakhala alendo olemekezeka a Worldcon, Pohl mu 1972, Wollheim mu 1988. Nanunso a gulu loyamba ndi a gulu lachiwiri mudzakumanabe zaka zambiri zikubwerazi. Tauni ndi yomweyi, okonda anime ndi omwewa. Chilichonse cholembedwa m'gulu lachiwiri lija wina adzachijambula n'kuchitumiza kwa wapampando, ngati sanatumize kale. Ine ndikanakhala inu, lero lomwe ndikanalembamo kuti madandaulo onse ali munowa ndikuwatengera ku mkumano wa komiti yonse, kenako n'kutulukamo. Mlembi ndi wa komiti yonse, ndipo mphamvu yanu pa nkhaniyi ili poti mbali zonse ziwiri zikhoza kukukhulupirirani.

Pa ndalama ndiye ndikhalitse pansi, chifukwa apa ndi pomwe msonkhano wanu ungafere. Sindikunena kuti wapampando akusolola. Mwa milandu yotere yomwe ndakhalapo, yambiri sinali ya kuba, inali ya kusakaniza. Nambala yolandirira matikiti ndi yomweyo yogulira mayunitsi a magetsi kunyumba, yomweyo yotumizira mayi kumudzi ndalama ya feteleza. Lero watapako pang'ono, akuti abweza mawa. Mawa walipirira chikwangwani ndi ndalama yake osalemba paliponse. Pakatha masabata angapo iye mwini sakudziwa kuti ya msonkhano ndi iti, yake ndi iti, ndipo msungichuma akafunsa amakalipa chifukwa cha mantha. Choncho musapemphe kuti "atiuze zilipo zingati". Pemphani sitetimenti ya Airtel Money kapena Mpamba ya nambala imeneyo kuyambira tsiku lomwe matikiti anayamba kugulitsidwa. Msungichuma ndi munthu wina mmodzi akhale naye pansi, awerenge matikiti omwe atuluka, awerenge ndalama zomwe zalowa, achotse zomwe zili ndi malisiti. Zikaperewera, alembe kuti abweza liti, asaine, nkhani ithere mu komiti momwemo. Mumpatse khomo lotulukira ndi ulemu wake. Munthu wopanikizidwa pakona amabisa kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndalama zisalowenso panambala ya munthu payekha. Akaunti ya kubanki yosaina anthu awiri ndiyo njira yeniyeni, koma ngati gulu lanu silinalembetsedwe, masabata 7 akhoza kukutherani pa mapepala. Ndiye pakadali pano gulani simu yatsopano ya msonkhano basi, isungidwe ndi msungichuma, ndipo madzulo aliwonse chithunzi cha ndalama zotsala chiikidwe pagulu. Ndalama iliyonse yotuluka avomereze anthu awiri molemba. Zimatopetsa sabata yoyamba yokha.

Mukafuna kuona mathero a komiti yosadziwa zomwe ili nazo m'thumba, yang'anani DashCon, msonkhano wa okonda tsamba la mchezo la pa intaneti la Tumblr womwe unachitika pa 11 mpaka 13 Julaye 2014 ku Schaumburg, kufupi ndi Chicago. Usiku woyamba okonza anaima pamaso pa anthu olipira kale matikiti n'kuwapempha kuti asonkhe madola 17,000 msangamsanga, ponena kuti kupanda kutero hotelo iwatulutsa. Anthu anasonkha. Mawa lake alendo omwe ambiri anawadzera, gulu lojambula nkhani zomvera pa intaneti (podcast), anakana kukwera pabwalo chifukwa sanalipidwe. Olipira matikiti apadera a gawo limenelo, mwa zina zowapepesera, anapatsidwa ola lowonjezera losewera m'kadziwe ka timipira, ndipo chithunzi cha kadziweko ndicho chomwe dziko likukumbukira mpaka lero. Wina ndi Universal FanCon wa ku Baltimore, womwe unasonkhetsa madola oposa 56,000 pa tsamba losonkhetsera ndalama la Kickstarter ndipo umayenera kuchitika pa 27 mpaka 29 Epulo 2018. Unayimitsidwa kutatsala sabata imodzi. Ambiri anayamba kuzidziwa polandira uthenga wa hotelo wofafaniza zipinda zawo, matikiti a ndege atagula kale, ogulitsa malonda atasindikiza kale katundu. Anthu ena a mtima wabwino anathamanga n'kukonza kamsonkhano ka tsiku limodzi, WICOMICON, kuti ojambula ndi ogulitsa apezeko pogwira, koma zambiri zomwe zinatayika sizinabwerere.

Pa misonkhano iwiriyi tsoka lalikulu linali kuchedwa kunena zoona. Ndiye funso lanu lachitatu, loyimitsa msonkhano, liyankheni ndi cholembera. Mbali imodzi ya pepala lembani ngongole zonse: zotsala za holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, alonda, mphoto za cosplay, zosindikiza. Mbali inayo lembani ndalama zomwe zili m'manja lero. Za kampani yomwe "yalonjeza kuti itithandiza" musazilembe mpaka zilowe. Kenako gwirizanani tsiku, lisapitirire masabata awiri kuchokera pano, lomwe komiti yonse idzagamule chimodzi mwa zitatu: tipitirize monga tinakonzera, tichepetse, kapena tisunthe n'kubweza ndalama za anthu. Kuchepetsa ndiko makomiti ambiri amakuiwala chifukwa cha manyazi. Masiku awiri akhoza kukhala limodzi, holo yaikulu ikhoza kukhala yaing'ono, zoimba za madzulo zikhoza kuchoka. Pogamula muziona nkhope za anthu: mtsikana amene wakhala miyezi itatu akusoka chovala chake cha cosplay usiku, wojambula amene watenga ngongole kuti asindikize zithunzi zodzagulitsa. Mukawauza kutatsala masabata asanu akhoza kudzikonza. Mukawauza kutatsala masiku asanu mwawagwetsa.

Pali chinthu china chomwe anthu amachiiwala mkwiyo uli pamwamba, ndipo ine ndinachiphunzira mowawa. Chaka china ndinali mu komiti yokonza chionetsero cha masiku awiri, ndipo mnzathu woyang'anira ogulitsa malonda anakhumudwa n'kuchoka kutatsala masabata awiri. Tinamusiya, tikuti mtima ukazizira abwera yekha. Sanabwere. Loweruka 6 koloko m'mawa ndinaima pakhomo la holo, kutsogolo kwanga kuli anthu ndi makatoni pamutu, aliyense akuti analipira tebulo la pafupi ndi khomo. Mndandanda wa omwe analipira ndi malo omwe analonjezedwa unali m'kabuku kake ka chikuto chofiira, kunyumba kwake. Mayi wina anamasula kansalu, natulutsa lisiti yolembedwa pamanja, yofewa ndi thukuta, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo, ine ndakwera basi ya usiku." Tebulo lake tinali titapatsa kale wina. Nkhope ya mayi ameneyo sindinaiiwale mpaka lero.

N'chifukwa chake ndikuti anthu atatu atuluka aja muwatsatire sabata yomwe ino, ndi miyendo, osati ndi uthenga wa pafoni. Mukafika musayambe ndi kuwapempha kuti abwerere. Khalani pansi, mumve zomwe zinawawawa, ndipo muvomereze kuti mkulu wa ndondomeko analakwiridwa, chifukwa analakwiridwadi. Mukatero mpempheni chinthu chimodzi chomwe angachite ngakhale ataganiza zosabwerera: akupatseni manambala a oweruza ndi olankhula, zomwe analonjeza kwa aliyense, ndi mapasiwedi a imelo kapena mafomu omwe anali m'manja mwake. Kubwerera ndi nkhani ina, ndipo mumufunse kuti chingamubweze n'chiyani. Nthawi zambiri yankho limakhala laling'ono kuposa momwe mumaopera: apepesedwe pomwe ananyozedwera, ndipo zisadzachitikenso.

Wapampando mumuone kaye kumbali mkumano usanachitike, inu ndi munthu mmodzi amene iye amamumvera. Asafike ku mkumano n'kupeza kuti mwamutchera. Mawu ake akhoza kukhala otere: "Achimwene, msonkhanowu munaubereka ndinu, palibe akukana. Koma wakula, sungakwanenso m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo ukagwa dzina lomwe anthu adzalitchule ndi lanu. Tabwera kuti usagwe." Kenako mumuuze zinthu zitatu zomwe komiti idzapemphe, kuti akagone nazo: sitetimenti ya ndalama, kukonza chilengezo cha pa Facebook chija mogwirizana ndi mkulu wa ndondomeko komanso kumupepesa pagulu, ndi kusaina pepala logawa maudindo. Kupepesa kwa kuseri sikuchiza bala lomwe linachekedwa poyera.

Pepala logawa maudindolo ndiye mankhwala enieni, ndipo munafunika kukhala nalo chaka choyamba, paja nkhanga zinapangana kusanache. Musalembe malamulo a masamba 20. Tsamba limodzi likwana. Pa gawo lililonse, kaya ndondomeko, ndalama, ogulitsa malonda, chitetezo kapena zolengeza, palembedwe kuti wogamula ndani ndipo ayenera kufunsa ndani asanagamule. Palembedwenso lamulo limodzi lomwe likanakupulumutsani ku zonsezi: palibe chilengezo chokhudza gawo la munthu chituluke mwini gawo asanalembe pagulu kuti wavomera. Ntchito ya wapampando ikhale kuweruza pamene magawo awiri awombana, kulowererapo pamene mkulu wa gawo walephera komiti ikudziwa, ndi kulankhula ndi akunja. Ku Worldcon malamulo awo amalola komiti kupereka ntchito yonse ya mphoto kwa kagulu kapadera komwe zogamula zake komiti yaikulu singazisinthe. Udindo ukaperekedwa umaperekedwadi.

Koma ndichenjeze, chifukwa ndaonapo makomiti akuthawa wapampando wopondereza n'kugwera m'manja mwa timafumu tisanu, aliyense ndi mpanda wake. Worldcon wa ku Chengdu, ku China, mu 2023, unaonetsa mbali imeneyi. Ziwerengero za mavoti a mphoto zitatuluka mu Januwale 2024, zinaoneka kuti olemba ena anachotsedwa pampikisano popanda chifukwa chofotokozedwa. Kagulu kanali ndi mphamvu zonse, wokayang'ana panalibe. A ku Glasgow, omwe anakonza wa mu 2024, anachita mosiyana: atapeza mavoti 377 achinyengo mwa 3,813, anawachotsa n'kulengeza okha msonkhano usanayambe. Ndiye pa pepala lanu onjezerani kuti mkulu wa gawo lililonse azipereka lipoti lalifupi sabata iliyonse: ndachita chakuti, ndalonjeza chakuti, ndagwidwa pakuti.

Mkumanowo uchitike maso ndi maso, mafoni ali m'thumba. Kuuitana ndi udindo wanu ngati mlembi, simukusowa chilolezo cha wina ngati ambiri mu komiti aufuna. Wotsogolera zokambirana akhale mkhalapakati wa kunja, munthu amene mbali zonse zimamupatsa ulemu ndipo si m'bale kapena bwenzi la aliyense wa inu, mwina mphunzitsi, mkulu wa kumpingo, kapena wina wozolowera kukonza zochitika. Aliyense alankhule kamodzi osadulidwa, za zomwe zinachitika, osati za khalidwe la mnzake. Zakale za chaka chatha zisalowe, apo ayi mudzatuluka usiku musanafike pa ndalama. Musanabalalike werengani mokweza zomwe mwagwirizana, ndi dzina ndi tsiku pa mfundo iliyonse, onse asaine.

Nanga wapampando akakana? Akakana kupepesa koma navomera zina ziwirizo, pitirizani, mudzaona pambuyo pa msonkhano. Akakana kuonetsa ndalama tsiku lomwe mwapangana litadutsa, pamenepo ndiye nkhani yomuchotsa pampando yafika, ndipo sindingakuletseni. Chitani mwadongosolo: mkumano woitanidwa bwino, iye ataitanidwa, voti yolembedwa. Koma musanakweze manja fufuzani zomwe zili m'dzina lake. Mgwirizano wa holo anasaina ndani? Tsamba la Facebook akuliyendetsa ndani, ndipo alipo wina amene angalowemo? Mukhoza kupambana voti n'kutsala opanda holo, opanda tsamba, opanda ndalama. Komanso pakhale munthu amene wavomera kale kutenga mpando ndipo ali ndi nthawi yake, chifukwa mpando wopanda munthu kutatsala masabata ochepa ndi woopsa kuposa wapampando wovuta. Njira yomwe ndaiona ikugwira bwino kwa oyambitsa ndi kugawa mpandowo pawiri. Iye akhale nkhope ya msonkhano, wolandira alendo ndi wolankhula ndi othandiza, pomwe wina akhale woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ambiri amavomera, ena mpaka kupumira m'mwamba, chifukwa nawonso anali atatopa.

Zonse ndanenazi zisinthe ngati kuseri kwa kutuluka kwa anzanu kuli nkhani ina yomwe simunailembe, monga wina kugwiridwa thupi mosayenera, kuopsezedwa, kapena kufunsiridwa mokakamiza. Imeneyo si yoyanjanitsa ndi mkhalapakati. Readercon, msonkhano wa okonda mabuku wa ku Massachusetts, unali ndi lamulo lolembedwa lakuti wozunza mnzake achotsedwe mpaka kalekale. Mu 2012 mayi wina wolemba mabuku atadandaula, akuluakulu a bungwelo anapatsa wolakwayo, munthu wodziwika m'magulu awo, chilango cha zaka ziwiri zokha. Khoswe anali atakhala pamkhate. Nkhani itatuluka anthu anakwiya kwambiri, akuluakulu onsewo anatula pansi maudindo, komiti inapepesa n'kutsatira lamulo lake. Ku msonkhano wanu kudzabwera atsikana ndi anyamata achichepere, ena atavala zovala zokopa maso a anthu, ndipo makolo awo adzakhala akukudalirani. Mukamva za mtundu umenewu, wonenedwayo aime kaye pa udindo, kaya ndi ndani, wodandaula atetezedwe, ndipo ngati ndi mlandu wa lamulo upite kupolisi.

Za inu mwini, ndikumva kutopa m'kalata yanu, ndipo simuli olakwa poganiza zochoka. Mukachoka lero, komiti itaya munthu yekhayo amene angathe kulowa nyumba zonse ziwiri. Dzipatseni masabata awiri aja. Ngati pofika tsikulo ndalama sizinaonetsedwe ndipo ambiri mu komiti akuopa kuchitapo kanthu, pamenepo tulani pansi udindo, chifukwa dzina lanu siliyenera kukhala pa matikiti omwe simukudziwa komwe ndalama zake zikupita. Lembani kalata yaifupi kwa komiti yonse, yonena chifukwa chake m'ziganizo ziwiri: munapempha sitetimenti pa tsiku lakuti, simunaione. Perekani mabuku a mfundo za mikumano ndi mapasiwedi onse, wolandira asaine. Pa Facebook musatchule munthu kuti ndi wakuba popanda umboni, zikhoza kukutengerani kukhoti, koma ogulitsa malonda kapena oweruza omwe munawabweretsa inuyo muwauze nokha kuti simulinso mu komiti, kuti adziwe woti amufunse.

Mawa m'mawa imbani mafoni awiri musanachite china chilichonse. Yoyamba kwa mkulu wa ndondomeko, kumufunsa ngati mungakamuone kunyumba madzulo. Yachiwiri kwa eni holo, kufunsa kuti dipoziti inaperekedwa yochuluka bwanji, zotsala zikufunika pofika liti, ndipo mgwirizanowo uli m'dzina la ndani.